Mpeni Wonoledwa Mbali Imodzi

Sukulu ndinaisiya ndili Fomu 2, ndipo si mimba. Ndanena msanga chifukwa ndikudziwa zimene anthu amaganiza akamva kuti mtsikana wasiya sukulu. Ndinasiya chifukwa ndinatopa.

Ndinabadwa wamanzere. Ndili Sitandade 1 aphunzitsi ankandimenya ndi rula pa mfundo za zala mpaka ndinaphunzira kugwira pensulo ndi dzanja lamanja. Kuyambira pamenepo malemba anga anali ngati papalasa nkhuku. Mayankho ndinkawadziwa, koma belu linkalira ndisanafike pakati pa pepala. Tsiku lina mphunzitsi ananyamula kope langa m'mwamba n'kufunsa kalasi ngati alipo wodziwa chilankhulo chimenechi. Anaseka onse, ngakhale aja ankaonera masamu kwa ine. Ndinakalanda kope langalo m'manja mwake, n'kutuluka. Sindinabwerereko ndipo sindinapepese munthu.

Nditafika kunyumba ndinapeza bambo anga ali kuseri, pakati pa nkhokwe ndi khola la mbuzi, pamene ankagwirira ntchito yawo. Anali mmisiri woluka malichero ndi madengu. Kwathu ndi mbali ya ku Kabudula, kwawo kwa amayi, ndipo bambowo anali mkamwini wochokera ku Mpingu. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana dzuwa, n'kuona kuti nthawi yoweruka sinakwane. Anasendera pa mphasa, n'kundipatsa mpeni wawo ndi kachidutswa ka nsungwi.

"Uyese ndi dzanja lakolo," anatero.

Nawonso anali amanzere. Ine ndinkadziwa, amayi ankadziwa, koma m'nyumba mwathu nkhani imeneyo sinkatchulidwa. Kudya ankadya ndi lamanja, moni ankapereka ndi lamanja, mgonero ku tchalitchi ankalandira ndi lamanja. Lamanzere linkatuluka kuseri kwa nyumba kokha. Akamva "odi" ankaika mpeni pansi msangamsanga, n'kuyamba kuluka ndi manja onse awiri mpaka mlendoyo atapita.

Mpeniwo sunali wokongola. Unali waufupi, wakuda, wa msana wokhuthala, chigwiriro chake chokulungidwa ndi mphira wa chubu cha njinga. Koma tsiku limenelo nditauika pa nsungwi, unayenda wokha. Kwa nthawi yoyamba m'moyo mwanga ndinagwira chinthu chimene sichinalimbane nane. Tinagwira ntchito limodzi zaka ziwiri, ine kung'amba ndi kupala, iwo kuluka, kenako ine kuchita zonse chifukwa chifuwa chinawagoneka. Anamwalira m'nyengo yozizira, mtedza uli padzuwa.

Titaika maliro, patsiku lachitatu, abambo aakulu anatiitana pakhonde. Awa ndi akulu awo a bambo anga, mlimi wa fodya wa ku Mpingu, munthu wamawu aakulu amene pa zaka zonsezo anabwera kwathu kawiri kokha. Anabwera ndi mwana wawo wamwamuna, achimwene amene amaphunzira za zilankhulo ku koleji ku tauni. Abambo aakuluwo anayamba kutchula katundu wa m'bale wawo woti abwerere kwawo: njinga, wailesi, jekete, nsapato za ku tchalitchi. Amayi ankangoti "eya, eya," maso ali pansi. Njingayo inandiwawa, koma ndinangoisiya ipite.

"Ndi mpeni uja," anatero.

"Mpeni ayi," ndinatero.

Anatembenuka ngati yalankhula ndi mbuzi. "Mlamu, mwana uyu amalankhula pa akulu?"

"Mukhululuke alamu, ndi chisoni," anatero amayi, uku akunditsina pa ntchafu.

"Si chisoni. Mpeni ndikugwiritsa ntchito."

"Iwe mwana, tamvera. Mpeni umene uja ndi wa bambo athu, agogo ako. Ndinkauona ine ndili wamng'ono. Mng'ono wangayu anangoutenga pobwera kuno kudzakwatira. Chinthu cha kholo sichitsala ku chikamwini. Komanso mwana wamkazi ndi mpeni wa amuna wapatinso? Ukakwatiwa ukaupereke kwa mwamuna wa mtundu wina?"

"Bambo anandiuza kuti anausulitsa ku Nsaru."

"Anakuuza. Ali kuti oti avomere?"

Apa mpamene achimwene a ku koleji anaona mpata woonetsa sukulu yawo. Anakonza magalasi. Anati chiyambi cha chinthu sichidziwika ndi "anandiuza," chimafuna umboni. Anati iwo akuphunzira mmene akatswiri anafukulira mawu akalekale otanthauza mpeni, a makolo a anthu a ku Finland ndi oyandikana nawo, mawu oti palibe munthu anawalembapo. Akuti amatenga mawu a mpeni m'zilankhulo zapachibale, n'kuwandandalika pamodzi, n'kuona pamene akufanana ndi pamene akusiyana, mpaka kholo lawo lionekere. Akalipeza amalilemba ndi kanyenyezi kutsogolo, kusonyeza kuti palibe analiona ndi maso, koma abale ake ndiwo akuliloza.

"Ndiye azibambo a ndevu zawo amakhala pansi tsiku lonse kufunafuna agogo ake a mawu?" ndinafunsa.

"Sungazimve iwe mlongo. Unathawa sukulu."

Abambo aakulu anaseka. Anati abweranso Loweruka lachiwiri kudzanyamula katundu, ndipo mpeni udzakhale pamwamba pa jekete.

Mawu a achimwene aja anandipweteka, koma ndinawatola. Munthu akakugenda ndi mwala wabwino, umautola. Ngati mawu ali ndi abale oti n'kuwafunsa, mpeninso uli nawo.

Tsiku la msika ndinakwera njinga ija, poti inali isanatengedwe, mpeni ndili nditaukulunga pa nsalu m'chiuno. Ku Nsaru ndinafunsa kwa ogulitsa makasu, iwo anandilozera kuseri kwa zigayo. Ndinapeza chisakasa cha malata akutha, moto wa makala, ndi mkulu wina wowonda, wa maso ofiira ndi utsi, akusula nkhwangwa. Anandisiya chiimire mpaka chitsulo chitazizira.

"Mwadzagula kapena mwadzaonera, mayi?"

"Ndadzafunsa, bambo. Mpeni uwu ndi wanu?"

Anaulandira, n'kusenda mphira pang'ono pafupi ndi chigwiriro, n'kulavulira, n'kupukuta ndi chala. Panaoneka timadontho titatu tokhomedwa m'chitsulo, timene ine ndinali ndisanationepo.

"Wanga. Chitsulo cha sipuling'i ya lole ichi. Amene anaukulunga mphira wonyansa chonchi ndani?"

"Bambo anga. Amwalira."

"Pepani. Koma mphirawu ndi wonyansabe."

Ndinawafotokozera zonse. Ndinawapempha kuti Loweruka lija adzabwere kwathu adzanene kuti anausulira bambo anga. Anakana ndisanamalize.

"Ine za m'mabanja ayi. Ndinalowapo kamodzi nkhani ya nkhwangwa, ananditukwana mbali zonse ziwiri. Komanso mayi, ndakhala ndikusula kuyambira musanabadwe inu, mwina asanakwatire n'komwe bambo anuwo. Anthu a ku Mpingu amabweranso kuno. Ndingadziwe bwanji kuti si agogo anuwo amene anaugula? Ine nkhope sindisunga. Ndimasunga zitsulo."

Mtima unandithera pamenepo. Ndinapalasa mtunda wonsewo kudzamva kuti abambo aakulu mwina akunena zoona. Ndinatambasula dzanja kuti andibwezere, koma iwo anali atatola kamtengo kuti ayese kuthwa kwake, monga amachitira amisiri onse, sangabweze mpeni osauyesa. Anauika pa kamtengoko, n'kukankha. Mpeni unalowa mkati n'kukanirira. Anayesanso, unadula kamtengoko pakati.

"Aa! Chinthu ichi!" Anautembenuza, n'kuuyang'ana cha kumsana, diso limodzi atatsinzina. Kenako anaseka mpaka kutsokomola. "Ndi wa mkulu wamanzere uja!"

"Mwati simusunga nkhope."

"Nkhope yake sindikuikumbuka mpaka pano. Ndikukumbuka kuti anandivutitsa. Ndinamusulira woyamba, anabwera nawo sabata yotsatira, akuti ukudya nsungwi. Ndinamunolera, anabweranso. Kachitatu anadikira anthu onse achoke, n'kundinong'oneza ngati waba nkhuku, akuti bambo, ine ndimagwira ndi ili. Ndinati nanga osanena kale bwanji, mwandithera makala. Ndiye ndinamusulira uwu, wa dzanja lakelo."

Analowa m'chisakasa n'kutulutsa mipeni iwiri yopalira nsungwi, n'kuigoneka pa thabwa pambali pa wanga. Anandionetsa. Mpeni wopalira nsungwi sunoledwa mbali zonse ngati wa kukhitchini. Mbali imodzi imakhala yafulati, inayo ndiyo yotsetsereka. Timadontho tawo amatikhoma chitsulo chikadali chofiira, nthawi zonse mbali yotsetserekayo. Pa mipeni iwiri ija timadontho tinali mbali imodzi. Pa wanga tinali mbali inayo. Inali ngati munthu ndi chithunzi chake pa galasi.

Zaka ziwiri ndinagwira mpeni umenewo tsiku ndi tsiku, osadziwa kuti ndi wosiyana ndi ina. Ndikanadziwa bwanji? Kwa ine unali mpeni wokhawo wolongosoka padziko.

"Mundibwerekeko umodzi mwa iwiriyi," ndinatero.

"Mubweza?"

"Ndikapanda kubweza mudzanditukwane mbali zonse ziwiri."

Anandipatsa.

Amayi ndinawapeza akuswa mtedza pabwalo. Nditawauza zimene ndikufuna kuchita, anasiya kuswa.

"Bambo ako anabisa zimenezo moyo wawo wonse. Iwe ukufuna kuwavula ali m'manda?"

"Ndikuwavula chiyani? Anaba? Anapha munthu?"

"Kwawo kuja ndi nkhani yamanyazi. Agogo ako anali mkulu wa mpingo. Ankati dzanja limenelo ndi la kuchimbudzi."

"Ndiye amene anawaphunzitsa kubisa ndi omwewo akufuna mpeni wa dzanja la kuchimbudzilo."

"Mwana iwe, pakamwa pako. Ndi kachitsulo chabe. Tidzasulitsa wina."

Mwina ananena zoona kuti wina akanasulidwa. Mkulu wa ku Nsaru uja akadali moyo. Koma ine ndinali nditatopa ndi kupereka. Dzanja ndinapereka ndili Sitandade 1. Sukulu ndinaisiyira iwo aja oseka. Njinga inali kupita, wailesi inali kupita. Ndinawauza amayi kuti ichi chokha sindipereka, ndipo ngati akuopa manyazi adzakhale m'nyumba. Anayambanso kuswa mtedza, mwamphamvu kuposa poyamba.

Loweruka lija anafika dzuwa lili pamutu, abambo aakulu ndi achimwene aja. Amayi sanakhale m'nyumba. Anatulutsa jekete, nsapato ndi wailesi, n'kuziika pa mphasa, n'kukhala pansi pambali pake. Ine ndinatulutsa njinga. Kenako ndinabwera ndi nsungwi zong'amba kale zingapo ndi chisanza choika pabondo.

"Mpeni uli kuti?"

"Nawu, bambo." Ndinagwada, n'kuwapatsa ndi manja awiri, monga ndinaphunzitsidwira. "Koma musanaunyamule mundipalireko kansungwi aka. Poti ndi wa bambo anu, muuzolowera."

"Ukundiyesa ine? Ndamanga nkhokwe zingati ine iwe usanabadwe?"

"N'chifukwa chake ndapempha inu."

Anayala chisanza pabondo mwaukali, n'kugoneka nsungwi, n'kuikapo mpeni, n'kukoka. Mpeni unaluma, nsungwi inaduka, thyo. Anatenga ina. Inadukanso. Yachitatu anaigwira mopepuka, mpeni unangoterereka pamwamba osachotsa kanthu.

"Mwauwononga ndi kunola kwanu kwa chikazi."

"Ayeseko achimwene. Iwo ndi ophunzira."

Achimwene anayesa, n'kudzicheka pa chala chachikulu, n'kuchiika m'kamwa.

Ndinautenga. Ndinakhala pansi pamaso pawo, miyendo chotambalala, n'kuugwira ndi dzanja lamanzere, pabwalo, masana, pamene bambo anga sanaugwirepo. Ndinakoka nsungwi. Kachikopa kake kanatuluka kopyapyala, kopiringizika, kuyambira kumutu mpaka kumchira osaduka. Ndinapala yachiwiri. Ndinapala yachitatu ngakhale panalibe chifukwa.

"Mpeni uwu ndi wa munthu wamanzere," ndinatero. "Bambo anga anali amanzere."

Amayi anaphimba kumaso ndi nsalu. Amene anayankha ndi achimwene, chala chikadali chonyowa.

"Zimenezo sizitsimikiza kanthu, mlongo. Mwina unali wa agogo, abambo aang'onowo n'kumaunola mbali yawo zaka zonsezi mpaka unasintha."

Funso limenelo ndinkalidikira, ndipo ndivomere, linali lanzeru. Ndinamasula nsalu m'chiuno, n'kutulutsa mpeni wobwereka uja, n'kuugoneka pa mphasa pambali pa wa bambo.

"M'bale wake nayu. Wosula mmodzi, chitsulo chimodzi. Timadonthoti amatikhoma chitsulo chili chofiira, mbali yonoledwa. Onani uku, onani uku. Mwala wonolera ungasamutse timadontho, achimwene? Munati mumandandalika abale n'kuona posiyana. Ndandalikani."

Anagwada. Ananyamula wina, n'kunyamula unzake, n'kuitembenuza, n'kuiyandikizitsa ku magalasi. Anatenga nthawi, ndipo pa chimenecho ndimawalemekeza mpaka lero, chifukwa akanatha kunama.

"Bambo," anatero potsiriza, osawayang'ana, "unasulidwa chonchi kuyambira pachiyambi."

"Ndiye zatsala ziwiri," ndinatero. "Kapena ndi wa bambo anga, kapena agogo, mkulu wa mpingo uja, ndiwo anali amanzere. Musankhe inu, bambo. Mukati anali agogo, nyamulani, ndipo ine ndikauza aliyense wofunsa chifukwa chake mwanyamula."

"Iwe!" anatero amayi, kuseri kwa nsalu.

Mbuzi inalira m'khola. Abambo aakulu ankayang'ana mpeniwo, ndipo nkhope yawo inasintha mwa mtundu umene sindinauyembekeze. Atalankhula, mawu aakulu aja panalibe.

"Ankamumanga," anatero. "Bambo ankamumanga dzanja limenelo kumbuyo ndi luzi, nthawi ya kudya. Ine ndinkagwira, iwo akumanga. Tinkati anasiya."

"Sanasiye. Anangosamukira kuseri kwa nyumba."

Ndikanatha kulekera pamenepo. Munthu wamtima wabwino akanalekera pamenepo. Koma ndinawonjeza kuti mpeni umene ankauona ali aang'ono uja akaufune kwawo, mwina uli pamodzi ndi luzi lija.

Ukali unabwerera. Anaimirira, n'kunena kuti mwana wopanda mwambo ngati ine sanamuonepo, kuti ndachititsa manyazi maliro a m'bale wawo, kuti ku Mpingu ndisadzapondeko, kaya pa ukwati kaya pa maliro. Anatola mpeniwo n'kuuponya pa dothi patsogolo panga. Sanafune kundipatsa m'manja.

Ndinautola ndi lamanzere.

Ananyamula jekete, nsapato ndi wailesi. Achimwene anakankha njinga. Atafika pa mpanda anatembenuka ngati akufuna kunena kanthu, koma bambo awo anawaitana, ndipo anapita.

Amayi sanandilankhule masiku anayi. Tsiku lachisanu m'mawa ndinapeza atasesa pansi pa mtengo wa mango kutsogolo kwa nyumba, atayalapo mphasa ya bambo ija, nsungwi atazisamutsa kuchokera kuseri.

Mpeni wobwereka uja ndinakabweza wapansi, poti njinga inali itapita. Ndinanyamuka m'mamawa, kukafika ku Nsaru mapazi atatupa. Mkulu uja anaulandira, n'kuuyesa pa kamtengo ngati ndauwononga, n'kufunsa kuti zinatha bwanji. Ndinawaonetsa wanga. Anagwedeza mutu, n'kunena kuti ndiusiye achotse mphira wonyansa uja aikepo chigwiriro cha mtengo. Ndinakana. Mphirawo anakulunga ndi bambo, ndipo pali pamene panalowa chala chawo chachikulu.

Ku Mpingu sindinapondeko, monga ananenera. Abambo aakulu anadwala chaka chatha, ndinamva kwa anthu, ndipo sindinapite. Ena amati ndine wouma mtima. Mwina. Achimwene anatumiza uthenga kamodzi kudzera pa foni ya amayi, kufunsa ngati ndingalole kuti adzajambule mipeni iwiri ija pamodzi. Ndinati akafunse ku Nsaru, wanga uli pa ntchito.

Ndimakhala pansi pa mango paja, moyang'ana njira. Odutsa amaima. Amayi ena achikulire anandiuza kuti mtsikana wogwira mpeni ndi dzanja limenelo sadzapeza banja. Ndinawafunsa ngati lichero akulifuna kapena ayi. Analitenga. Akamva "odi" bambo anga ankaika mpeni pansi. Ine ndimayankha kuti "lowani," nsungwi ili pabondo, n'kupitiriza kupala.